MATANTHAUZO A NTHABWALA: KUYESA LUSO LA OSEWERA POMASULIRA MAU

Pali anthu a mitundu iwiri amene amamasulira mau. Woyamba ndiye munthu wa mabuku, amene amakhala pa tebulo zaka zambiri, natola mau a mtundu wa anthu limodzi-limodzi, nawaika m'ndandanda, liri lonse ndi tanthauzo lake. Wotere anali David Clement Scott wa ku Blantyre Mission, amene buku lake la mau a Chimang'anja linatuluka mu 1892. Wotere analinso William Turner, amene anasindikiza mau a Chitumbuka ndi Chitonga mu 1952. Ndipo otere ndiwo akatswiri a Centre for Language Studies ku Zomba, amene anatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Anthu awa tiyenera kuwalemekeza, pakuti popanda iwo mphunzitsi akadakhala ngati mwini bwato wopanda nkhafi.

Wachiwiri alibe tebulo, ndipo dzina lake silidziwika, pakuti iye ndi khamu: asodzi osoka makoka pa mchenga, amuna ozungulira bawo, anyamata ophunzira gule madzulo. Awa amatenga liu lodziwika kale nalipatsa tanthauzo lina loseketsa. Anzawo akaseka, tanthauzolo limagwira, ndimo limayenda pakamwa ndi pakamwa. Ophunzira ambiri amayesa nchito yotere masewera achabe. M'nkhani ino ndifuna kuonetsa kuti ndi luso la mau, lapachibale ndi miyambi ndi zining'a, ndi kuti lingathe kuyesedwa pa muyeso monga tiyesera nthano kapena ndakatulo. Buku limatiuza chimene chinthu chiri. Tanthauzo la nthabwala likakhala labwino limatiuza chimene chinthucho chimachitira anthu okhala nacho.

MASEWERA NDI DZIKO LALING'ONO

Malo amene matanthauzo otere amamera bwino koposa ndi m'masewera, chifukwa masewera ali onse ndi kadziko kokhala ndi malamulo ake, ndipo dziko liri lonse limafuna mau ake. Taonani bawo, limene limaseweredwa pansi pa mitengo ya mango kuyambira ku Kande mpaka ku Usisya. Liri ndi maenje 32 m'mizere inayi, ndi nkhomo 64. Pa thabwa limeneli munthu amadya osatafuna, ali ndi nyumba yosagonamo, ndipo kutakata, kumene m'moyo wa masiku onse ndiko kuyendayenda kofuna phindu, pa bawo ndiko kuyendetsa nkhomo osadya kanthu. Mlendo woima pambali amamva mau onse, koma samva nkhani.

Masiku ano masewera ambiri asamukira m'kompyuta ndi m'mafoni, ndipo ana amene mudzawaphunzitsa ayamba kale kuwaona m'manja mwa akulu awo. Mwa masewera amenewa muli ena a nthano, odzaza ndi ziwanda, zinjoka ndi mizinda imene sinakhalepo. Osewera ake, ngakhale ali m'maiko osiyana, amasonkhanitsa mau awo nawamasulira mwa nthabwala. Ndasankha masewera amodzi, otchedwa Dwarf Fortress, chifukwa osewera ake anafika patali pa luso limeneli, kotero kuti ali otiyenera poyesa muyeso wathu tisanauike pa mau a kwathu.

Masewerawa anawapanga abale awiri a ku America, Tarn Adams ndi Zach Adams. Anatuluka koyamba mu 2006, zinthu zake zonse zikuoneka ngati zilembo ndi timadontho. Okhala ndi zithunzi anayamba kugulitsidwa mu December 2022. Wosewera amapatsidwa tianthu tisanu ndi tiwiri, tafupi ndi tandevu, ta m'nthano za ku Ulaya, ndipo nchito yake ndi kutitsogolera pokumba mudzi m'kati mwa phiri, kulima, kusula zitsulo ndi kudziteteza kwa adani. Chodabwitsa ndi chakuti masewerawa alibe malo amene munthu anganene kuti wapambana. Mudzi ukhoza kukhala zaka zambiri, koma kawirikawiri umatha ndi nkhondo, njala, madzi osefukira, kapena misala ya eni ake.

KUYESA MATANTHAUZO ASANU

Liu loyamba ndi la Chingelezi lakuti "fun", limene m'buku limatanthauza chisangalalo. Kwa osewera awa limatanthauza kugonja ndi kuonongeka kwa zonse. Wina akanena kuti dzulo anasangalala kwambiri, anzake amadziwa kuti mudzi wake wa miyezi itatu unamira m'madzi. Mwambi wawo waukulu umati kugonja n'kokondweretsa. Ine ndiyesa tanthauzo ili labwino koposa onse, pa zifukwa zitatu. Ndi lalifupi, pakuti litembenuza liu limodzi lokha. Ndi loona, pakuti m'masewera opanda chipambano chotsala m'manja ndi nkhani ya m'mene unagwera, ndipo nkhani imeneyo ndiyo imakoma posimba. Ndi lachifundo, pakuti limachotsa manyazi kwa wolephera nilimpatsa mpando pakati pa anzake. Aliyense amene anakhalapo pa gombe adziwa kuti msodzi wodzaza bwato amangowerenga ndalama, koma amene mwera unam'bweza chimanjamanja ndiye amasonkhanitsa omvera.

Lachiwiri ndi gulu la mau atatu. Pansi pa nthaka ya masewerawa pali chitsulo chamtengo wapatali chotchedwa adamantine. Koma wochikumba mwadyera amaboola malo a ziwanda, ndipo zikatuluka zimapulula mudzi wonse. Osewera akale amatcha chitsulocho switi, ziwandazo amazitcha anthu oseketsa, ndipo malo ake amati ndi bwalo la zisudzo. Amatero kuti akambirane momasuka popanda kuululira wosewera watsopano chimene ayenera kudzionera yekha. Ichi ndi chining'a chenicheni, chonga chimene akulu amanena pamene pali ana. Kukoma kwake ndi kwakuti dzina lonamalo limanenanso zoona: chitsulocho chimakopa monga switi amakopera mwana, ndipo chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Lachitatu ndi mau akuti "unfortunate accident", ndiko kuti ngozi yomvetsa chisoni. Mudzi ukakula kumabwera nduna zimene sizigwira nchito yamanja, koma zimalamula zipinda zokongola ndi zinthu zosowa, ndipo zikapanda kupatsidwa, mmisiri wosalakwa amalangidwa. Tsono wosewera amakonzera nduna yotere chipinda chokhala ndi chitsulo chokoka, chimene chikakokedwa chimatsegulira madzi kapena moto wa pansi pa nthaka. Pambuyo pake amauza anzake mwaulemu kuti nduna yakumana ndi ngozi yomvetsa chisoni. Nthabwala iyi iri ndi minga iwiri. Munga woyamba ulasa wamkulu wodya thukuta la ena. Wachiwiri, umene uli wakuthwa koposa, ulasa kalankhulidwe ka anthu a mphamvu pa dziko lonse, amene amaphimba chinthu choipa ndi mau osalala. Wosewera amabwereka chinenero chawo kuti achiseke.

Lachinayi ndi "catsplosion", liu lolumikiza mphaka ndi kuphulika. Limanena za amphaka amene amaswana m'mudzimo mpaka kompyuta iyamba kutsimphina polephera kuwawerenga. Liu ili limaseketsa polimva koyamba, koma pa muyeso ndi lopepuka. Kuseketsa kwake kuli m'kamvekedwe kokha. Limajambula chinthu, koma siliweruza kanthu, ndipo ukalisenda supeza china m'kati.

Lachisanu ndi la nsomba yotchedwa carp, imene kwawo ndi nsomba wamba ya m'maiwe. M'masewera oyambirira nsomba iyi inapatsidwa mphamvu zoposa muyeso mosafuna, kotero kuti inkapha tianthu topita kumtsinje. Osewera anaimasulira ngati chirombo choopsa koposa zinjoka. Mwana wa ku Chintheche, amene adziwa kuti msodzi ndiye amagwira nsomba, angaseke kumva za nsomba yogwira msodzi. Koma eni masewera anakonza cholakwacho, ndipo nthabwalayo inatsala ngati chikumbutso cha osewera akale okha. Tanthauzo lotsamira pa cholakwa cha kanthawi limakalamba pamodzi ndi cholakwacho. Tsobola wakale sawawa.

Chotero mwa asanuwa tapeza mafunso atatu oyesera: Kodi tanthauzolo linena zoona zimene buku silinena? Kodi liri lalifupi, lokhala ndi china chobisika m'kati? Kodi munga wake ulasa yani?

LUSO LOMWELO M'MBALI MWA NYANJA

Wina asaganize kuti luso ili linabwera ndi kompyuta. Atonga a m'mbali mwa nyanja analidziwa kale, ndipo umboni wake waukulu ndi malipenga. Gule uyu anafala nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itatha, pamene amuna amene anaona perete wa asilikali a King's African Rifles anabwerera kumidzi. Anatenga mizere, ng'oma, zovala zochapa bwino ndi masokosi aatali. M'malo mwa malipenga a mkuwa anaika a zikho. Koma anatenganso mau. Gulu la ovina limatchedwa boma, ndipo liri ndi maudindo ake, monga King, kapitao ndi dokotala.

Lingalirani chimene chinachitikira liu lakuti boma. M'masiku a utsamunda boma linali malo a msonkho, a mlandu ndi a ndende, kumene munthu ankapita mtima uli m'mwamba. Ovina anatenga liu loopsali nalipatsa tanthauzo lakuti anyamata a mudzi wathu ovina mwa dongosolo. King, amene chithunzi chake chinali pa ndalama, anasanduka mnansi wodya kondowole monga wina aliyense. Akatswiri monga Terence Ranger, amene analemba za gule wa beni mu 1975, ndi Christopher Kamlongera, amene analemba za malipenga mu 1986, anasanthula magule amenewa, ndipo funso lakhala likufunsidwa ngati ovina ankasirira azungu kapena ankawaseka. Wodziwa nthabwala adzayankha kuti ziwirizi zikhoza kukhala m'liu limodzi, monga wosewera uja amatchula ziwanda oseketsa pamene akuziopa ndithu. Pa muyeso wathu boma la malipenga lipambana: ndi lalifupi, linena zoona zakuti ulamuliro uli ndi mbali yake ya chionetsero, ndipo munga wake uloza kumwamba.

Ulendo wa kunchito unabalanso mau ake. Dera lino linatumiza amuna ambiri ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa, popeza sukulu ya mishoni inafika ku Bandawe mu 1881, ndipo ophunzira ake anapeza nchito kutali. Mmodzi wa iwo ndi Clements Kadalie wa ku Chifira, amene anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Munthu wopita yekha, osalembedwa ndi Wenela, ankati wapita pa selefu, liu lochokera ku Chingelezi lonena za iwe mwini. Wokhalitsa osabwerera ankatchedwa mtchona, liu limene limaseka ndi kulira nthawi imodzi. Pa nyanja, munthu wokhala m'bwato la nyali ndi kutsogolera anzake poponya chilimira usiku amatchedwa siginala: liu limene kwawo linali la chizindikiro, kuno lasanduka munthu wokhala ndi udindo ndi gawo lake la nsomba. Mau awa si onse amene ali nthabwala, koma onse aonetsa anthu osaopa liu lachilendo, amene amaligwira nalipinda kuti likwane m'dzanja lawo.

Kuti tione kusiyana, tiyang'ane kum'mwera kwa dziko, ku minda ya azungu ya ku mapiri a Shire. Kumeneko liu lakuti thangata, limene linali la kuthandizana kwa anansi, linasandutsidwa dzina la nchito yokakamiza imene anthu ankagwira polipira malo okhala, ndipo linakhala limodzi mwa madandaulo amene anadzutsa John Chilembwe mu 1915. Apa napo liu linatembenuzidwa, koma analitembenuza ndi mwini mphamvu kuti abise choipa. Wamphamvu akapinda liu amafuna kuti usaone. Wanthabwala akalipinda amafuna kuti uone. Mphunzitsi ayenera kudziwa kusiyanitsa ziwirizi, ndi kuphunzitsa ana kuzisiyanitsa.

ZOFOOKA ZA LUSOLI

Wotsutsa woona satama kokha, tsono titchule zilema zitatu.

Choyamba, tanthauzo la nthabwala silingaime lokha. Limaseketsa chifukwa womvera adziwa kale tanthauzo lenileni, naona mpata uli pakati pa awiriwo. Mwana wophunzira Chingelezi akamva koyamba kuti "fun" ndi kugonja, sadzaseka. Adzangolemba bodza m'kope lake. Nthabwala ndi ndiwo, si nsima.

Chachiwiri, nthabwala ikayenda nthawi yaitali imavala malaya a mbiri. Ambiri mwamva kuti boma ndi zilembo zoyamba za mau akuti British Overseas Military Administration, ndipo ena amaphunzitsa zimenezi molimba mtima. Si zoona. Liuli ndi la Chiswahili, lotanthauza linga kapena mpanda, ndipo alendo a ku Ulaya analilemba m'mabuku awo ulamuliro wa Britain usanakhazikike kuno mu 1891. Kumasulira kokoma m'khutu si umboni.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho choopsa, munga ukhoza kuloza pansi. M'masewera ambiri a pa kompyuta muli liu lakuti "noob", lonyoza wosewera watsopano, ndipo matanthauzo ake ambiri alibe luso lina koma chipongwe. Yerekezani ndi chining'a cha switi chija, chimene chinapangidwa kuti chisungire mlendo yemweyo chodabwitsa chake. Ngakhale anthu a mabuku anagwamo m'dzenje limeneli: Samuel Johnson, m'buku lake la mau a Chingelezi la 1755, anamasulira dzina la mbewu ina m'njira yotonza anthu a ku Scotland chifukwa cha chakudya chawo. Ambrose Bierce wa ku America anadzaza buku lathunthu ndi matanthauzo otere, lotchedwa The Devil's Dictionary, la 1911. Muli nzeru zambiri, koma wowerenga amatopa ndi kuwawa kosalekeza. Kuno kwathu, kumene mwana wodya kondowole ndi mwana wodya mgaiwa amakhala pa benchi imodzi, tanthauzo lotonza mtundu, chilema kapena umphawi lisapatsidwe malo m'kalasi, ngakhale likhale loseketsa chotani.

MPHUNZITSI ACHITENJI?

Ena mwa inu mudzatumizidwa ku Mpamba, ku Kande kapena ku Usisya, kumene ana ambiri amalankhula Chitonga kapena Chitumbuka kunyumba, nakumana ndi Chichewa ndi Chingelezi pa sukulu. Mwana wotere amayesa msanga kuti mau a m'buku ali ndi eni ake kwina, ndi kuti nchito yake ndi kuloweza basi. Akayesa kusewera ndi liu, mphunzitsi wosadekha amathamangira inki yofiira. Potero timazimitsa luso lomwe agogo ake anali nalo pamene anatcha gulu lawo boma.

Njira imene ndilangiza ndi iyi. M'makalasi akuluakulu, gawani bolodi pawiri. Kumanzere lembani tanthauzo la buku, ndipo musapitirire mpaka ana onse alimvetse. Kumanja ana aike tanthauzo lawo la nthabwala. Yambani ndi zinthu zimene amakhala nazo. Nazi zitsanzo zitatu zimene ndapeka ndekha kuti muone kapangidwe kake:

Mwera: kumanzere, mphepo yamphamvu yochokera kum'mwera m'nyengo yozizira, kumanja, tchuthi chimene msodzi sanapemphe, chimene banja lonse limachidziwira pa ndiwo za chigwada.

Nkhungu: kumanzere, tizilombo touluka totuluka m'nyanja m'magulu aakulu, kumanja, mtambo wokhawo umene munthu angauphike.

Usipa: kumanzere, kansomba kakang'ono kogwidwa ndi nyali usiku, kumanja, mwana wamng'ono amene amalipirira akulu ake sukulu.

Ana akalemba awo, asangoseka n'kumwazika. Ayese liri lonse ndi mafunso atatu aja, nanene chifukwa chake ili laposa linzake. Mwana amene wanena kuti tanthauzo la mnzake ndi loseketsa koma si loona, wayamba kale nchito ya kutsutsa zolembedwa. Amene waona kuti lina lilasa munthu wosauka, waphunzira chinthu choposa galamala. Lolaninso kuti liu likhale la Chitonga ndipo tanthauzo likhale m'Chichewa, kapena mosinthanitsa; pamenepo mwana amaona kuti zinenero zake ziwiri ndi nkhafi ziwiri za bwato limodzi.

Pomaliza, sungani kope limodzi la sukulu lolembamo mau a pa gombe, a pa bawo ndi a m'boma la malipenga, pamodzi ndi matanthauzo onse awiri, ndipo mulembe mudzi ndi chaka chimene liu linamvedwa. Tumani ana kukafunsa akulu, pakuti safunsa anadya phula. Osewera a Dwarf Fortress analemba mau awo masewera awo akadali aang'ono, ndipo chifukwa cha ichi ife tathanso kuwayesa pa muyeso lero. Mau a m'mbali mwa nyanja ndi akale koposa ndi olemera koposa, koma ambiri akali pakamwa pokha, ndipo nkhalamba iri yonse imene timaika m'manda imapita ndi ena. Nchito yowalemba siidzadikira katswiri wochokera kutali. Iri m'manja mwa mphunzitsi wokhala ndi kope, pensulo ndi khutu lodekha.